Mapanga Awiri: Mkangano wa Unzika wa Amwenye Okhala Kunja

Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu amene mvula yampeza pakati pa mapanga awiri, nayamba kuthamangira ili, kenaka ilo, osatsimikiza pobisala, mathero ake amanyowa thupi lonse ngati kuti panalibe phanga ndi limodzi lomwe. Mwambi umenewu ndi umene ambiri a ife timayamba kuukumbukira tikamva kuti munthu mmodzi afuna kukhala nzika ya maiko awiri. Koma kodi mwambiwu ukwanira kuweruza mlandu wotere? Mwezi uno tiyeni tipende mkangano umene wakhala ukubvuta dziko la India kwa zaka zoposa makumi awiri, wonena za ana ake amene anakakhazikika kunja.

Tiyerekeze mai wina wocokera ku Kerala, cigawo ca kumwera kwa India, amene wagwira nchito ya unamwino m'cipatala ca ku Manchester kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ana ake anabadwira komweko, nyumba anagula komweko, ndipo msonkho amakhoma komweko. Tsiku limene iye alumbira kukhala nzika ya Britain, tsiku lomwelo waleka kukhala nzika ya India. Lamulo limuuza kuti apereke pasipoti yake yakale ku ofesi ya kazembe kuti akaifafanize, nalandira cikalata cosonyeza kuti waibweza. Amai ake okalamba akali moyo kumudzi, manda a atate ake ali komweko, ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi. Koma pamaso pa lamulo iye tsopano ndi mlendo m'dziko limene anabadwiramo.

Anthu onga mai ameneyu si ocepa. Boma la India linauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu 225,620 anasiya unzika wao m'caka ca 2022, ndipo enanso 216,219 anatero m'caka ca 2023. Ambiri a iwo akanakonda kusunga unzika wa uku ndi uku. Boma likukana. Kodi wolakwa ndani?

Amwenye a kunja si mtundu umodzi

Tisanamve mfundo za mbali iyi ndi iyo, ndi bwino tidziwe anthu amene tikuwanena. Unduna woona za kunja wa India unawerengera m'caka ca 2024 kuti kunja kwa dzikolo kuli anthu pafupifupi 35 miliyoni amene ndi nzika za India kapena a mbumba ya anthu ocokera ku India. Anthu amenewa tingawagawe patatu.

Oyamba ndi zidzukulu za anthu amene Angerezi anawatenga ukapolo utathetsedwa, nawadinditsa cala pa mapangano a zaka zisanu kuti akalime nzimbe. Anayamba kufika ku Mauritius m'caka ca 1834, ku Guyana 1838, ku Trinidad 1845, ku Natal 1860, ndi ku Fiji 1879. Ena anabwera kudzamanga njanji yocokera ku Mombasa kulinga ku nyanja ya Victoria pakati pa 1896 ndi 1901, ndipo amalonda, makamaka a ku Gujarat, anafalikira m'matauni a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Zidzukulu zao zambiri sizinapondeko ku India, ndipo dziko lao ndi limene zinabadwiramo.

Aciwiri ndi anthu ogwira nchito m'maiko a Aarabu a ku Gulf, monga United Arab Emirates, Saudi Arabia, Kuwait ndi Qatar. Iwo alipo pafupifupi 9 miliyoni: omanga nyumba, oyendetsa magalimoto, anamwino, akalaliki ndi anchito a m'nyumba. Maiko amenewa sapereka unzika kwa alendo mwacisawawa, cotero ngakhale munthu atagwirako nchito zaka makumi atatu, amabwerera kwao ali ndi pasipoti ya India yomweyo.

Acitatu ndi anthu ophunzira kwambiri, madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a makompyuta, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1960 anapita ku United States, Britain, Canada ndi Australia. Maiko amenewa amalola mlendo kutenga unzika patapita zaka zingapo, ndipo samkakamiza kutaya unzika wake wakale. Mau ofuna unzika wa maiko awiri amamveka kwambiri kucokera kwa anthu a gulu lacitatuli. Mfundo imeneyi tiisunge, cifukwa tidzabwereranso kwa iyo.

Cimene lamulo linena

Dziko la India linalandira ufulu m'caka ca 1947, koma linaulandira litang'ambidwa pakati, mbali ina nikhala Pakistan. Anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'midzi mwao kuolokera uku kapena uko, ndipo anthu mazanamazana a zikwi anaphedwa. Olemba malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira nchito pa 26 Januwale 1950, anali ndi funso limodzi lowawa: pakati pa cipwirikiti cotere, wathu ndani, wa kutsidya ndani? Cifukwa cake analemba m'ndime 9 kuti munthu amene mwa kufuna kwake anatenga unzika wa dziko lina sangakhale nzika ya India. Ndime 11 inapatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu yokonza zonse za unzika, ndipo lamulo la unzika la 1955 linatsindika kuti nzika iliyonse yotenga unzika wa kwina yataya wa kwao.

Nduna yaikulu yoyamba, Jawaharlal Nehru, analangizanso Amwenye a kunja kuti adziphatike ku maiko amene akhalamo ndi kufunira zabwino eni dziko, osayang'ana ku New Delhi monga mthandizi wao pa ndale.

Maganizo anayamba kusintha dziko litatsegula zitseko za malonda m'caka ca 1991. M'caka ca 2000 boma la Atal Bihari Vajpayee linakhazikitsa komiti, wapampando wake L. M. Singhvi, yoti ifufuze za Amwenye a kunja, ndipo komitiyo inalangiza kuti unzika wa maiko awiri uloledwe kwa okhala m'maiko ena osankhidwa. Mu Januwale 2003, pa msonkhano woyamba wa Pravasi Bharatiya Divas, umene umakumbukira tsiku la 9 Januwale 1915 pamene Mahatma Gandhi anabwerako ku South Africa, Vajpayee analengeza kuti pempholi lamveka. Anthu anaomba m'manja. Koma cimene cinatuluka m'Nyumba ya Malamulo sicinali cimene anayembekeza.

Khadi lochedwa unzika, koma losakhala unzika

Cimene cinabadwa ndi khadi la Overseas Citizen of India, limene anthu amangolichula kuti OCI. Linayamba kuperekedwa kumapeto kwa 2005, pa ulamuliro wa Manmohan Singh, ndipo m'caka ca 2015 boma la Narendra Modi linaliphatikiza ndi khadi lina lakale la anthu a mbumba ya India. Angalipeze ndi munthu amene anali nzika ya India, mwana wake, mdzukulu wake, kufikira mdzukulutubvi, ndiponso mwamuna kapena mkazi wa munthu wotere. Sangalipeze munthu amene iye mwini, makolo ake kapena agogo ake anali nzika za Pakistan kapena Bangladesh.

Khadili lili ndi ubwino wake woonekeratu. Mwini wake amalowa ndi kutuluka m'dziko la India moyo wake wonse osapemphanso viza, akhoza kukhalamo nthawi imene afuna osakalembetsa kupolisi, akhoza kugwira nchito, kucita malonda, kugula nyumba ndi kuphunzitsa ana ake. António Costa, amene anali nduna yaikulu ya Portugal kuyambira 2015 mpaka 2024, ndipo mtundu wa atate ake ndi wa ku Goa, analandira khadi limeneli m'caka ca 2017.

Koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Mwini khadi alibe pasipoti ya India, saponya voti, sangaime pa cisankho, sangakhale woweruza m'mabwalo aakulu, ndipo nchito za boma sizimlola kupatula zocepa zimene boma lingacite kubvomereza. Sangagule munda wolima. Kuyambira 2021 ayenera kupempha cilolezo capadera ngati afuna kucita kafukufuku, nchito ya utolankhani, kapena nchito ya umishoni. Coposa zonse, boma lili ndi mphamvu yomlanda khadilo. Kunena zoona, ndi viza ya moyo wonse imene inabvekedwa dzina la unzika.

Mfundo za ofuna unzika wa maiko awiri

Mfundo yoyamba ndi ya cuma. Iwo amati: kodi dziko lingakane bwanji ana amene akulidyetsa? M'caka ca 2022 India linakhala dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kulandira ndalama zoposa madola 100 biliyoni pa caka cimodzi kucokera kwa anthu ake a kunja. M'caka ca 1998, pamene maiko ena analiika pa cilango cifukwa coyesa mabomba a nyukiliya, State Bank of India inapempha ngongole kwa Amwenye a kunja, nipeza madola oposa 4 biliyoni. Ukawapatsa unzika, iwo amati, adzabweretsa zoposa pamenepa.

Mfundoyi imamveka yamphamvu, koma ikapendedwa bwino imapepuka. Ndalama zonsezi zafika popanda unzika wa maiko awiri. Gawo losacepa la izo limacokera kwa anchito a ku Gulf, amene pasipoti yao ndi imodzi yokha. Munthu amatumiza ndalama cifukwa amai ake adwala kapena mlongo wake akwatiwa, osati cifukwa ca mtundu wa cikalata cimene ali naco m'thumba. Wamalonda nayenso amaika cuma cake pamene pali phindu ndi mtendere. Pa bvuto la 1991, pamene boma linafika pokapinyolitsa golide wake ku mabanki a ku Europe, Amwenye ambiri a kunja anathamangira kucotsa ndalama zao m'mabanki a India, ndipo ambiri a iwo anali nzika. Dziko la China silibvomereza unzika wa maiko awiri, komabe anthu a mtundu wake okhala kunja anathira ndalama zambiri m'mafakitale ake m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990.

Mfundo yaciwiri ndi ya mtima. Munthu satenga unzika wa kwina cifukwa codana ndi kwao. Amautenga kuti nchito yake ikhazikike, kuti asathamangitsidwe abwana akasintha maganizo, kuti ayende mosabvuta, kuti akhale ndi mau pa za sukulu imene ana ake aphunzirako. Mwana amakonda amai ake ndi atate ake, ndipo palibe amene amamuuza kuti asankhepo mmodzi. Maiko ambiri abvomereza zimenezi: Mexico m'caka ca 1998, Philippines 2003, Kenya 2010, ndipo Germany inatsegula khomo lonse m'caka ca 2024. Mfundo iyi ndi yoona, ndipo palibe cifukwa coinyozera. Kufooka kwake ndi kwakuti unzika si cikondi cokha. Ndi pangano la maufulu ndi maudindo, ndipo cikondi ca munthu pa dziko sicisowa pasipoti kuti cikhalepo.

Mfundo yacitatu ndiyo yolemera koposa: khadi likhoza kulandidwa, pamene unzika wobadwa nao sulandidwa wamba. Mu Malichi 2020, mliri wa korona utabuka, boma linaimitsa kwa kanthawi ufulu wa eni makhadi a OCI wolowa m'dziko. Panali mabanja amene makolo anali ndi pasipoti ya India, koma khanda lao lobadwira kunja linali ndi khadi lokha, cotero banja lonse linakanika kukwera ndege kufikira lamulo litafewetsedwa. M'caka ca 2019 wolemba mabuku Aatish Taseer, amene anakulira ku Delhi ndi amai ake, analandidwa khadi patangopita miyezi yocepa atalemba nkhani yodzudzula Modi m'magazini ya Time. Boma linati cifukwa cake n'cakuti iye anabisa zoti atate ake anali a ku Pakistan. Iye anakana kuti sanabise kanthu. Kaya coona cili mbali iti, phunziro lake ndi limodzi: munthu wa khadi amalowa kwao mwa cifundo ca olamulira, ndipo munthu wokhala mwa cifundo ca wina amaopa kulankhula.

Mfundo za okana

Okana amayamba ndi kukhulupirika. Maiko awiri akayambana, munthu wa mapasipoti awiri adzaima kuti? Ngati wapalamula mlandu, adzaweruzidwa ndi ndani? Funsoli si lopanda pake. M'caka ca 2023 India ndi Canada anakangana koopsa pa imfa ya Hardeep Singh Nijjar, nzika ya Canada yobadwira ku Punjab, amene boma la India linamuyesa cigawenga. Akazembe anathamangitsidwa mbali zonse ziwiri. Nduna yoona za kunja, S. Jaishankar, inanena kumapeto kwa caka comweco kuti unzika wa maiko awiri uli ndi zobvuta zake pa cuma ndi pa citetezo, ngakhale inabvomereza kuti mkanganowu ukali wamoyo.

Komabe maiko ena anapeza mankhwala a bvutoli. Pangano la ku The Hague la 1930 linanena kale kuti munthu wa unzika uwiri akakhala m'dziko limodzi mwa awiriwo, dziko linalo silingamteteze kwa eni akewo. Ndiponso maudindo ena akhoza kusungidwira anthu a unzika umodzi. Ku Australia, kumene anthu wamba amaloledwa kukhala ndi mapasipoti awiri, aphungu angapo, pamodzi ndi waciwiri kwa nduna yaikulu Barnaby Joyce, anacotsedwa pa mipando yao m'caka ca 2017 zitadziwika kuti analinso nzika za kwina. Cotero mantha a kukhulupirika akhoza kuchingidwa ndi mpanda, osati kutseka mudzi wonse.

Mfundo yaciwiri ya okana ndi ya voti. Kodi n'koyenera kuti munthu wokhala ku Toronto asankhe boma limene msonkho wake sadzakhoma, misewu yake sadzayendamo, ndipo zipatala zake sadzagonamo? Walira mvula walira matope; koma uyu afuna mvula, matope naasiyira anzake. Mfundoyi ili ndi nzeru. Koma ziwerengero zisonyeza kuti ngoziyo si yaikulu monga imamvekera. Kuyambira 2010 nzika za India zokhala kunja zimaloledwa kulembetsa m'kaundula wa oponya voti, malinga zibwere zokha kudzaponya kumudzi kwao. Pa cisankho ca 2024, mwa anthu pafupifupi 970 miliyoni olembetsa, a kunja anali ngati 119,000 okha, ndipo amene anabweradi kudzaponya sanafike 3,000. Ngozi ingakhalepo m'zigawo monga Kerala, Punjab, Gujarat ndi Goa, kumene anthu opita kunja ndi ambiri ndipo mpando ukhoza kupita ndi mavoti ocepa. Koma lamulo likhoza kunena kuti woponya voti ndi wokhala m'dziko, kaya ali ndi pasipoti imodzi kapena ziwiri.

Ena amaopa za minda, kuti eni madola adzagula nthaka ya alimi osauka. Apa yankho lilipo kale: ngakhale nzika yeniyeni ya India, ikakhala kuti ikukhala kunja, lamulo siliilola kugula munda wolima. Mpanda umenewu unamangidwa poyang'ana kumene munthu akhala, ndipo ukhoza kuimabe cimodzimodzi.

Mfundo yacitatu ndiyo yobvuta kuiyankha: kodi unzikawu udzapatsidwa kwa yani? India lamenyana nkhondo ndi Pakistan m'zaka za 1947, 1965, 1971 ndi 1999, ndipo malire ake ndi Bangladesh ndi otalika makilomita oposa 4,000. Likati khomo ndi lotseguka kwa onse a mbumba ya India, anthu mamiliyoni a m'maiko oyandikana nalo adzakhala ndi cifukwa cogogodera. Likati ndi la ena okha, lidzasankha motani popanda tsankho? Izi zinacitikapo kale. Lamulo la 2003 linachula maiko 16 okha, monga United States, Britain, Canada, Australia ndi ena a ku Europe. Munalibe dziko ndi limodzi lomwe la mu Africa, munalibe Fiji, Guyana kapena Trinidad. Zidzukulu za olima nzimbe zinaona poyera kuti mwana wokondedwa ndi wa thumba lolemera, ndipo m'caka ca 2005 boma linacita kukonza lamulolo.

Palinso cina cowawa. M'cigawo ca Assam, kaundula wa nzika amene anatuluka mu Ogasiti 2019 anasiya kunja anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, ambiri a iwo osauka amene analephera kuonetsa zikalata za makolo ao. Okana amafunsa kuti: kodi dziko lingapereke bwanji unzika waciwiri kwa dokotala wa ku Houston, pamene mlimi wobadwira m'mbali mwa mtsinje wa Brahmaputra akulimbana kuti asataye unzika umodzi wokha umene ali nao? Ndipo kwa womanga nyumba wa ku Dubai, amene thukuta lake limabweretsa ndalama zambiri, mkangano wonsewu ulibe phindu. Iye asowa malipiro oyenera, malo abwino ogona, ndi kazembe womumvera akalira.

Phunziro la ku Uganda, ndi la kuno kwathu

Mu Ogasiti 1972 Idi Amin analamula Amwenye a ku Uganda kuti acoke m'dziko pasanathe masiku 90. Amene anasunga pasipoti ya Britain anali ndi kothawira, ndipo pafupifupi 28,000 analandiridwa kumeneko. Koma panali ena amene pa nthawi ya ufulu anasankha Uganda ndi mtima wonse, natenga unzika wake. Ambiri a iwo anauzidwa kuti zikalata zao n'zopanda nchito, nakhala anthu opanda dziko, osungidwa m'misasa ya othawa kwao ku Europe. Tsiku limenelo wa phanga limodzi ndiye anabvumbwa.

Koma nkhani yomweyi ili ndi mbali ina. Cimodzi mwa zinthu zimene adani a Amwenye anagwiritsa nchito powaneneza cinali cakuti ambiri anakana kutenga unzika wa maiko a mu Africa ufulu utafika, mwendo wina uli m'sitolo, wina uli pa bwalo la ndege. Ici ndi cimene Nehru anaopa. M'maiko amene Amwenye ndi ambiri ndipo ndale zimayendera mitundu, monga ku Fiji kumene nduna yaikulu Mahendra Chaudhry inacotsedwa ndi mfuti m'caka ca 2000, pasipoti ya India m'thumba mwa munthu ikhoza kusanduka mkondo m'manja mwa omuda.

Ife a kuno nkhaniyi tiidziwa. Amalonda oyamba a ku Gujarat anafika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo zidzukulu zao tili nazo m'masitolo a ku Kamwala, m'zipatala, m'mafamu ndi m'mabwalo a milandu. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalengeza mfundo za ku Mulungushi m'caka ca 1968, malaisensi ambiri a malonda anasungidwira nzika za Zambia, ndipo banja lililonse linayenera kusankha. Ena anatenga unzika nakhala; ena ananyamuka kupita ku Britain. Mwa otsalawo munatuluka anthu onga Dipak Patel, amene anakhala phungu wa Lusaka Central ndi nduna ya zamalonda.

Dziko lathu nalonso linakana unzika wa maiko awiri kwa zaka zoposa makumi asanu, kufikira malamulo aakulu atakonzedwa m'caka ca 2016. Tsopano ndime 39 inena kuti nzika ya Zambia sitaya unzika wake potenga wa dziko lina, koma munthu wotere sangaime pa cisankho ca Pulezidenti. Tinatsegula khomo, nitisiya zipinda zina zokhoma. Komabe Mmwenye wobadwira ku Gujarat amene wakhala m'Lusaka zaka zambiri, akafuna kukhala nzika ya Zambia, ayenera kudziwa kuti kwaoko adzamfafaniza m'kaundula.

Tiweruze bwanji?

Tikaika mfundo zonse pa sikelo, tiona kuti zimene zimafuulidwa kwambiri ndizo zopepuka. Lonjezo lakuti pasipoti yaciwiri idzabweretsa cuma cosaneneka lilibe umboni wokwanira, ndipo mantha akuti anthu a kunja adzalanda masankho ndi minda ali ndi mankhwala ake odziwika. Zolemera zenizeni ndi ziwiri. Mbali iyi, munthu wobadwira m'dziko sayenera kukaona amai ake odwala mwa cilolezo cimene kalaliki wa boma akhoza kucifafaniza. Mbali iyo, dziko limene linabadwa mwa kung'ambika, ndipo likali kukangana za amene ali nzika mkati mwake, silingapereke unzika waciwiri popanda kuyankha funso lakuti kwa yani, ndi cifukwa ninji kwa iwo okha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira imene ioneka yanzeru ndi ya pang'onopang'ono. Coyamba, khadi la OCI likhale lolimba, losalandidwa popanda bwalo la milandu kumva mbali zonse ziwiri, ndipo lisakhale cikwapu cokwapulira odzudzula boma. Caciwiri, wobadwira ku India amene afuna kubwerera kwao apeze njira yaifupi yotengeranso unzika wake. Pakali pano ayenera kukhala m'dziko caka cathunthu, ndi kutaya unzika winawo. Cacitatu, ngati tsiku lina Nyumba ya Malamulo ya ku New Delhi idzabvomereza unzika wa maiko awiri, muyeso wake ukhale umodzi kwa wa ku Chipata ndi wa ku Chicago, ndipo voti ndi maudindo aakulu zitsalire okhala m'dziko.

Nanga mwambi wathu uja? Makolo sananame, koma anali kunena za munthu wa mitima iwiri, amene sakonza phanga lililonse cifukwa maso ake ali pa linalo. Namwino wa ku Manchester uja sali wotero. Usiku amasamalira odwala a dziko limene linamlandira, ndipo kumapeto kwa mwezi amalipirira mankhwala a amai ake m'dziko limene linambala. Mapanga onse awiri amawasesa. Funso limene aphungu a India akali nalo pa tebulo ndi lakuti: kodi munthu wotere, mvula ikadzagwa, adzaloledwa kulowa m'phanga limene anabadwiramo monga mwana wa pakhomo, kapena adzaima pakhomo ndi khadi m'manja, kudikira kuti wina amuuze kuti lowani?